Njiwa ya mu Chala Chimodzi

Mu Lilongwe muno mulibe khutu loposa langa. Amene akutsutsa abwere ku Area 12 adzandipeze, geti lobiriwira, alonda akudziwa. Ine Redson Mphonde ndinachoka kwathu kwa Chitukula ndi malaya awiri m'jumbo. Ndinagulitsa makaseti pa depoti, ndinatsuka galimoto ku Joni, ndinasenza masipika pa msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, ndipo ku Guangzhou ndinabweza katundu yense wa makiyibodi chifukwa ndinamva kiyi imodzi ikulira mopendekeka. Mwini fakitale anatsika yekha kuchokera kuofesi kwake kudzaona munthu wa makutu otero. Lero ndili ndi mpanda wanga, situdiyo yanga kuseri kwa nyumba, ndi galimoto ziwiri zomwe zonse zimayenda. Mundiikire nyimbo iliyonse, ndikuuzani ngati woimba ng'oma anali atadya kapena ayi.

Koma Lachisanu lija khutu lomweli linandipweteka.

Ndinali nditangotsika ndege kuchokera ku Dar es Salaam, komwe ndinakhala masabata angapo. Titaima pa mzere wa galimoto pafupi ndi City Centre, minibasi ina inaima pambali panga, wailesi ili pamwamba. Inali nyimbo yatsopano ya Fiona, mtsikana amene mawu ake akugwedeza tauni masiku ano. Mawuwo ndinalibe nawo ntchito. Chimene chinandiimitsa mtima n'chimene chinkalira pansi pake. Bangwe wanga. Bangwe amene panthawiyo ankayenera kupezeka m'makompyuta awiri okha padziko lonse lapansi.

Ndifotokoze. Ine ndi mnzanga wa pabizinesi, Evelina Kachiwanda, tinapanga chinthu chotchedwa Chala Chimodzi. A m'masitudiyo amati pulagini: kapulogalamu komwe umaika m'kompyuta, n'kulumikizako kiyibodi, kiyibodiyo n'kuyamba kulira mawu atsopano. Zotere zilipo zambiri zochokera kunja, koma zili ndi mabatani ngati kutsogolo kwa ndege, moti mwana wa ku Chinsapo akatsegula amangotseka n'kukagona. Chathu chili ndi mabatani atatu basi. Wongoyamba kumene akadina kiyi imodzi, chimamuyankha ndi bangwe, mangolongondo ndi besi yolemera yamagetsi, zonse zitagwirizana kale. Makutu anali anga, mutu unali wa Evelina, ndipo amene anatigwira dzanja kuti ntchito itheke ndi a Vinod, mwini sitolo ya zamagetsi ku Old Town. Tinali tisanachitulutse. Tinkadikira mwezi wotsatira.

Ndisanafike n'komwe pa geti, foni inalira. Anali mng'ono wake wa Evelina.

"A Mphonde, achemwali awatenga apolisi."

* * *

Sajeni Lonely Chimbalanga ndi mayi wamfupi amene sawononga mawu. Anandilozera benchi, ine ndinakana kukhala.

"Mlandu ndi wakuba," anatero. "Wodandaula ndi a Vinod. Lolemba Evelina akaonekera kukhoti."

"Umboni wake?"

"Chinthucho chinali m'laputopu mwake ndi m'kompyuta ya kwanu. Inu munali kunja. Ndipo alipo anthu amene anamumva akunena kuti tsiku lina adzachigawa chaulere."

Atamubweretsa, Evelina anali ndi maso ofiira osagona, koma mutu uli m'mwamba ngati wabwera kudzayendera polisiyo.

"A Mphonde, musandiyang'ane ngati mwafika pamaliro," anatero. "Ndinanenadi. Mtengo umene a Vinod akufuna ndi wa ana a m'mipanda. Ndinawauza pamaso kuti tinapangira ana a ku Kawale ndi ku Mchesi, ndipo ndikatuluka ndikawauzanso. Koma kunena si kuba."

"Laputopu yako anaigwirapo wina?"

"Ndimagona nayo. Mwana wanga yemwe saikhudza."

"Nanga a Vinod akufuna chiyani kwenikweni?"

"Akuti ndivomere kuti ndinaba, ndisiye gawo langa, iwo athetse mlandu." Anaseka, koma kuseka kouma. "Zaka ziwiri ndikudya mandasi pa kompyuta. Ndivomere? Tauni yonse iziti Evelina wakuba? Angadzandipatsenso ntchito ndani? Bola ndikagone kundende ku Maula, dzina langa lili loyera."

Ndinatembenukira kwa sajeni. "Amayi, Lolemba lisanafike ndikubweretserani wakuba weniweni. Ine ndinapezapo katundu wanga wosochera padoko la Durban, pakati pa makontena osawerengeka."

"Kuno si ku Durban," anatero sajeni, n'kutseka chitseko.

* * *

A Vinod anabadwira pamwamba pa sitolo yawo yomweyo, ndipo Chichewa chawo n'cha pa msewu wa Malangalanga, chothamanga ngati cha oitanira minibasi. Moni sanandipatse. Anangoponya fulashi yofiira pa kauntala.

"Redson, iyi ndagula pakhomo panga. Pakhomo panga penipeni! Mnyamata akundiuza kuti, bwana tengani ichi, n'chatsopano, ngakhale agogo anu apanga nacho biti. Akundigulitsa chinthu changa chomwe!"

"Pepani. Koma Evelina sanabe."

"Ndiye waba ndani? Iwe?"

"Ine ndikanaba, bwenzi simukudziwa mpaka lero."

Sanaseke. "Ine sindidana naye mtsikana uja. Mutu ali nawo. Koma za pakamwa pake ndinadzimvera ndekha, anyamata anga onse ali pomwepo. Lero wanena, mawa zachitika, ndiye ndiganize chiyani? Undibweretsere wina. Ukalephera, tikumana kukhoti."

Ndinatola fulashi ija n'kutuluka. Sindinayende mtunda. Tsidya la msewu, pansi pa ambulera yong'ambika, panali Twahir ndi laputopu yake yomangidwa ndi selotepi. Ntchito yake n'kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni.

"Bigi mani! Mwabwera liti? Nsapato izo ndi za ku Dubai, ndikuona."

"Za ku Istanbul. Twahir, chinthu chija unachitenga kuti?"

"Chinthu chiti, mdala? Ine zinthu ndili nazo zambiri. Za uthenga, za achinyamata, mafilimu omasuliridwa..."

Ndinaika fulashi yofiira ija pamaso pake. Anakanda m'mutu.

"Aaa. Mdala, pano pamabwera anthu. Wina amabwera ndi nyimbo, ndimamupatsa filimu. Wina amabwera ndi pulogalamu, ndimamupatsa mahedifoni. Maina sitifunsana. Ndikayamba kutchula anthu, mawa nditsala ndekha ndi ambulera."

"Mayi wina ali m'chitokosi chifukwa cha ambulera yakoyi."

"Mayi?" Anadabwa zenizeni. "Ayi, nde pamenepo alakwitsa. Anabwera nacho ndi mwamuna. Ndipo ankachinyadira, aise. Anandimvetsa biti yomwe anapanga nacho yekha, akuti ndione kuti chimagwira. Sipanapite nthawi, ndangomva biti yomweyo Fiona akuimbapo."

"Ukazinena zimenezi kupolisi?"

"Ine kupolisi? Ndi katundu uyu?" Analoza laputopu yake. "Bigi mani, ine simunandione."

Basi, chinthu chimodzi chinadziwika: amene anapanga biti ya Fiona, zoimbira zolira pansi pa mawu ake zija, ndi amene anaba. Ndipo tauni yonse inkadziwa dzina lomwe limafuulidwa kumayambiriro kwa nyimbo ija: Eddie.

* * *

Eddie ndi pulodyusa wotchuka wa ku Area 47. Amavala magalasi akuda m'nyumba, anaphunzira piyano ku Cape Town, ndipo salola munthu kuiwala zimenezo. Ndinamupeza atakhala pa mpando wozungulira, miyendo ili pa tebulo.

"Biti ya Fiona? Yanga imeneyo, mdala Mphonde. Ndinaiphika tsiku limodzi. Mwaikonda?"

"Ndaikonda kwambiri. Vala nsapato."

"Tikupita kuti?"

"Kupolisi. Amene anapanga biti ija ndi amene anaba Chala Chimodzi. Wavomera wekha, ndipo foni yangayi ikujambula."

Foniyo sinkajambula kanthu. Koma Eddie anatsitsa miyendo, n'kuvula magalasi. Maso ake anali aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

"Dikirani kaye, mdala. Takhalani pansi. Mumwa chani?"

"Sindimwa. Lankhula."

"Biti ija... ndinagula. Aliyense amagula, musandiyang'ane choncho. Mafana amanditumizira pa WhatsApp, ikandisangalatsa ndimaikapo dzina langa, iwo amapeza ya sopo. Ameneyu sitinaonanepo. Anachita kutumiza wa kabaza ndi fulashi, nambala yake pano siikupezekanso."

"Ndiye sukulu ya ku Cape Town ija ntchito yake n'kulandira wa kabaza pa geti?"

"Musandinyoze m'nyumba mwanga!" Anadumphira pa piyano n'kuimba nyimbo ya Fiona ija mokwiya. Kenako anaisunthira pa kiyi ina, n'kuisunthanso, n'kuisunthanso, zala zikuthamanga ngati nyerere zothiridwa madzi. "Ine ndimaimba kiyi iliyonse yomwe ilipo. Kanthu kanu ka mabatani atatu ndi ka ana a mkaka. Ndikabe kuti nditani nako?"

Kunyada kwake kunandinyansa, chifukwa ine anthu odzitama sindigwirizana nawo. Koma zala zake sizinkanama.

"Ndipatse biti ija yopanda mawu a Fiona."

Anandipatsa msangamsanga ngati ikumuotcha m'manja.

* * *

Loweruka m'mawa ndinadzitsekera m'situdiyo, ndinavala mahedifoni anga a ku Frankfurt, n'kuika biti ija. Popanda mawu a Fiona inali pambalambanda. Wopanga anali wongoyamba, zinkamveka: dzanja lamanzere lolemera, ng'oma zothamangira kutsogolo. Koma mtima anali nawo. Ndinaibwereza, n'kuibwerezanso, ndikuganiza za Evelina pa simenti paja. Tiyi anazizira. Kenako ndinamva kanthu kuseri kwa bangwe, kochepa ngati mpweya wa khanda logona.

Njiwa.

Ndinavula mahedifoni n'kufuula mpaka agalu a aneba anayankha.

Njiwa imeneyo ndinkaidziwa. Pojambula bangwe tinaitana mkulu wina wa ku Dowa, ndipo anakanitsitsa kulowa m'situdiyo, akuti bangwe wake salira m'nyumba yopanda mawindo. Tinamujambulira panja, pansi pa mtengo wa mango, kiyi iliyonse payokhapayokha, iye akukunga nsambo mpaka ifike pomwe tikufuna. Titafika pa kiyi yakuda yotchedwa F shapu, njiwa inalira mumtengomo n'kulowa m'maiki. Evelina ankafuna kuichotsa pomwepo, ine ndinati tidzachotsa potulutsa. Choncho mu Chala Chimodzi njiwa imakhala pa kiyi imodzi yokha, F shapu. Ukadina ina iliyonse, kumbuyo kuli zii.

Koma nyimbo ya Fiona ili mu kiyi ina, yotchedwa A. Ndipo mu biti imeneyi njiwa inkalira paliponse pomwe nyimbo ikubwerera pa A, ikulira mokwera ngati kamwana ka njiwa.

Tanthauzo lake linali limodzi. Khutu linkamva A, koma chala chinkadina F shapu. Munthuyo anagwiritsa ntchito tiransipozi, kabatani kamene kamakweza kapena kutsitsa nyimbo yonse, woimba osasuntha zala. Kathu kamangotenga mawu a kiyi yomwe wadina n'kuwakokera m'mwamba, njiwa ndi zonse.

Eddie kabatani kameneko sangakakhudze ngakhale mutamuloza ndi mfuti. Evelina kiyibodi saimba n'komwe, amachita kulemba manotsi pa kompyuta. Koma ine ndalowa m'matchalitchi kuyambira ku Mchesi mpaka ku Hillbrow ku Joni, ndipo ndikuwadziwa anthu amene moyo wawo wonse amaimba pa F shapu. Ndi anyamata a kiyibodi a m'matchalitchi. Amaphunzitsana okhaokha pa makiyi akuda, chifukwa pamenepo chala sichisochera. Woimbitsa akayambira nyimbo pamwamba, amangoonetsa zala ziwiri kapena zitatu, wa kiyibodi n'kudina kabatani kawiri kapena katatu, manja ake ali pomwepo pa makiyi akuda, ulemerero n'kumapitirira.

Ndinaimbira sajeni Lonely n'kumufotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mukufuna ndikauze woweruza kuti mboni yanu ndi njiwa?"

"Njiwa ya pa F shapu, amayi."

"A Mphonde, mu Lilongwe muno matchalitchi ndi ochuluka kuposa zigayo. Ndimange wa kiyibodi uti?"

* * *

A Jobu ndi mlonda wanga wa pa geti, bambo wa ku Nathenje, wokhulupirika ngati khoma. Ndinali nditawafunsa kale dzulo lake ngati kunabwera alendo ine kulibe, ndipo anati ayi. Ndinawaitananso.

"A Jobu, taganizani bwino. Palibe munthu wachilendo amene analowa pa geti ili?"

"Palibe, bwana. Ine mlendo sadutsa osandiuza dzina ndi kwawo."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi. Anangobwera a mapemphero okha."

"A mapemphero?"

"Eya, a kutchalitchi kwa madamu, Lachinayi loyamba mutangochoka. Koma amenewo si alendo, bwana. Ndi anthu a Mulungu."

Mkazi wanga Esnati ndinamupeza akuthirira maluwa ake pakhonde.

"Amayi a Lisa, mapemphero aja munachitira kuti?"

"Pabalaza. Bwanji? Munati mulibe nazo vuto bola asakhale pa mpando wanu."

"Kusitudiyo kunapita munthu?"

"Ayi... Kupatula Nebert, wa kiyibodi uja. Adaputa yake inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, ndiye ndinamutsegulira kuti akafune ina m'madirowa mwanu." Anasiya kuthirira. "Anachedwako ndithu. Mpaka tinayamba kuimba ndi m'manja mokha. Koma bambo a Lisa, Nebert ndi mwana wabwino. Kutchalitchi amafika woyamba, amachoka womaliza."

"Kompyuta inali yozima?"

"Ndi liti munazimitsapo kompyuta inu?"

Funso limenelo silinali lofunika pa kafukufuku, choncho ndinapita kukasintha malaya.

* * *

Mpingo wa Esnati umasonkhana m'holo ina ku Area 13, ndipo Loweruka masana kwaya imakonzekera za mawa lake. Sajeni Lonely anavomera kubwera, koma atavala chitenje ndi duku ngati mayi wodzafuna mapemphero. Anandichenjeza m'galimoto kuti ndikamuchititsa manyazi, Lolemba ndikakhala pa benchi lomwe ndinakana lija.

Nebert anali pa kiyibodi. Ndi mwamuna wamtali woonda, wa zaka ngati makumi atatu, wovala suti yonyezimira ngakhale Loweruka. Ndinalowa ndi laputopu kukhwapa, ndikumwetulira ngati ndabwera ndi chopereka cha denga.

"A Nebert! Madamu amakutamani tsiku lililonse. Ndabwera ndi kanthu katsopano, ndikufuna katswiri akayese. Chala Chimodzi. Munachionapo?"

"Ayi, abambo," anatero, maso ali pa nsapato zanga. "Ndimangomva anthu akunena. Sindinachionepo."

"Simunachigwirepo n'komwe?"

"Ndichigwirire kuti ine?"

Ndinalumikiza laputopu ku kiyibodi ya tchalitchi ndi ku masipika. Pa sikirini panaoneka chithunzi cha chala chimodzi choloza kumwamba, ndi mabatani atatu pansi pake. Atsikana a kwaya anatizungulira. Ndinapempha woimbitsa kuti ayambitse nyimbo iliyonse ya chitamando, ndipo poyambira ndinamupatsa ndekha ndi mluzu. Ndinamupatsa A.

Anayamba. Anzake anamulandira. Zala za Nebert zinagwera zokha pa makiyi akuda, ndipo zinawombana ndi kwaya moipa, ngati mbale zagwa pa simenti. Atsikana anayang'anana. Wina anaseka. Dzanja lake linathamangira pa tiransipozi ya kiyibodi ya tchalitchi, koma ine ndinali nditatsamirapo ndi chigongono, ngati munthu wotopa ndi ulendo.

Wa kiyibodi angapirire njala, koma kusekedwa ndi kwaya yake sangapirire. Woimbitsa anaonetsa zala zitatu. Nebert sanaganize. Dzanja lake linalumphira pa laputopu, linakankhira kamuvi pa chikhadabo cha chala chija, n'kudina katatu.

Nyimbo inakhazikika m'malo mwake. Ndipo m'masipika akuluakulu a m'holomo, njiwa yanga inalira.

Ndinakweza dzanja, kwaya inasiya.

"Amayi sajeni," ndinatero, "pa sikirini apa mukuona mabatani angati?"

"Atatu."

"Tiransipozi tinaibisa pansi pa chikhadabo kuti isasokoneze ongoyamba. Palibe cholembedwa, palibe chizindikiro. Munthu amene sanachionepo wadziwa bwanji pokanda?"

Ndinayang'ana Nebert. Ndinkayembekezera misozi, kugwada, kutchula Satana. Nebert anaimirira, n'kukonza jekete lake.

"Inde, ndinakopa," anatero mokweza. "Ndinachipeza chili chotsegula. Ndinadina kiyi imodzi, ndinamva chinthu chomwe chakhala chikulira m'mutu mwanga zaka zonse. Ndakhala pa kiyibodi iyi chiyambire ndili Fomu 2, malipiro ake 'Mulungu akudalitse' ndi botolo la zakumwa. Mapulodyusa amatiseka, akuti ndife a kabatani. Inu munati munapangira osadziwa. Wosadziwayo ndine! Ndipo biti yanga ikulira m'minibasi iliyonse, pamene a ku Cape Town akungoikapo dzina."

Ndisaname, mbali ina ya mtima wanga inavina. Munthu wa kiyi imodzi, osaphunzitsidwa ndi wina aliyense, n'kugwedeza mzinda wonse! Makampani a ku Guangzhou amayenda maiko kufuna umboni wotere, osaupeza. Koma mbali inayo inkaona maso ofiira a Evelina.

"Biti ndi yabwino," ndinamuuza. "Dzanja lamanzere ulipepuze. Ukanabwera kwa ine masana, bwenzi pano uli pa mpando wa m'situdiyo mwanga. Koma unakasinthanitsa thukuta la mnzako ndi mahedifoni a pa Malangalanga, ndipo mayi wa mwana akugona pa simenti m'malo mwako. Unamva kuti wamangidwa?"

Apa ndi pomwe anagwetsa maso. "Ndinamva."

"Unamva, n'kuvala suti kudzakonzekera chitamando."

Sajeni Lonely anavula duku, n'kutulutsa chiphaso chake.

"Tiyeni, achimwene. Mawa kwaya iimba ndi m'manja."

* * *

A Vinod anafika kupolisi dzuwa litapendeka, atatseka sitolo nthawi isanakwane, chinthu chomwe anyamata awo amati sichinachitikepo chimwalirire bambo awo. Anachotsa dandaulo lawo pa Evelina sajeni akuwayang'ana. Evelina atatuluka, ine ndinayamba kumufotokozera za njiwa, kuyambira pa mahedifoni a ku Frankfurt, koma anandikwezera dzanja.

"A Mphonde, mudzandiuza chaka chonse, ndikudziwa."

A Vinod anaimirira. Nkhope yawo inali yakugwa.

"Evelina, ndinalakwitsa. Pepani kwambiri. Tiye ndikakusiye kunyumba pa galimoto yanga, mwana akudikira."

Evelina galimotoyo sanaiyang'ane. "Gawo langa silikusuntha," anatero. "Ndipo chinthu chija chili kale m'matumba mwa anyamata tauni yonse. Mwamva nokha zomwe wongoyamba wachita nacho. Lolemba lomwe mumafuna ndikaime m'bokosi la kukhoti, titulutsa chenicheni, pa mtengo umene mwana wa ku Kawale angakwanitse."

"Tikambirana..."

"Takambirana. Mukakambenso kwa anyamata a m'sitolo mwanu kuti Evelina sanabe, ndi pakamwa pomwepo pomwe munawauzira kuti ndinaba."

A Vinod anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Chabwino," anatero.

"Sindinathe. Ndili ndi ngongole m'katimu." Evelina analoza chitseko chomwe anatulukira. "Muli mayi wina amene anamugwira akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anatuma mwana wake wodzamuona kuti andigulire buledi ndi sopo, ndi mayunitsi oimbira kunyumba kwanga kuti mwana wanga agone. Zinali ndalama zomwe ankasungira chindapusa chake."

Ndinapisa m'thumba kutulutsa chikwama changa cha ku Milan.

"Osati inu, a Mphonde. Amene anandiika muno."

A Vinod anatulutsa mpukutu wonse wa ndalama n'kumupatsira Evelina. Iye manja ake anawapinda.

"Sindinati mphatso. Ndati ngongole. Ndi K4,500, ndipo mukapereka nokha."

Sajeni Lonely, kwa nthawi yoyamba chimuonereni, anamwetulira. Anatenga makiyi n'kutitsogolera. Mayi uja anabwera pa zitsulo, wonenepa, wa manja okhakhala. A Vinod anawerama n'kumupatsa K4,500 ija ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo.

Mayiyo anazimanga pa nsonga ya chitenje. Kenako anayang'ana a Vinod kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa Evelina.

"Anakumangitsa aja ndi amenewa? Ine ndimayesa ndi aakulu."